Nkhondo Yanga ndi Zigayo Zitatu

Amati munthu ukamakula umayamba kuseka zopusa zimene unachita kale. Ine nkhani iyi sindinayambe kuiseka, ndipo sindikuona ngati ndidzayamba. Akazi anga amaseka. Achemwali anga amaseka mpaka kupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. Koma ine ndikangomva kulira kwa chigayo, ngakhale ndikungodutsa pa galimoto, mtima umanditentha ngati zachitika m'mawa uno.

Ntchito yanga moyo wanga wonse yakhala yophunzitsa zachuma kuyunivesite. Mbali imene ndinazama nayo ndi ya mafuta, magetsi, ndi malamulo oletsa amalonda kudyera anthu masuku pamutu. Matipate atabwera, boma n'kusiya kuika lokha mitengo ya zinthu, anthu ngati ine tinasanduka ndiwo zapamwamba. Lero uli pawailesi, mawa kuhotela pamsonkhano, mkuja nduna yakuitana. Kulikonse nyimbo yanga inali imodzi: msika ukhale waufulu, koma amalonda akakumana kuseri n'kupangana mtengo umodzi kuti wogula asowe kothawira, amenewo ndi akuba ovala jekete. Ophunzira anga ankadziwa kuti aliyense wolemba mawu amenewo pamayeso sangalephere.

Chaka chimene ndikunenachi ndinali nditangobwera kuchokera kunja, kumene ndinakhala zaka ziwiri ndikulangiza boma la dziko lina pa mitengo ya magetsi. Kuno kunkamveka kuti kukhazikitsidwa bungwe loyang'anira mpikisano pa malonda, ndipo dzina langa linkatchulidwa m'makonde a maofesi. (Suti ndinali nditagula kale, yakuda, ya mabatani atatu.) Podikira kuitanidwa, ndinatenga akazi anga, mayi a Tamanda, kuti tikapume kumudzi kwathu ku Phalombe, m'munsi mwa phiri la Michesi. Tinafikira kwa achemwali anga aakulu, a Esinati, chifukwa nyumba imene ndinkatumizira ndalama kuti andimangire inali ikadali maziko okhaokha, udzu utamera pakati. Nditafunsa, anandiuza kuti nkhani yake ndi yaitali, tikambirana ndikapuma. Sindinaumirire.

Inali nyengo ya fumbi, anthu atakolola kale. Mwa amene anabwera kudzatilonjera munali mayi Filesi, mkulu wa amayi a kumpingo, munthu wosabisa mawu.

"A Pulofesa, timakumvani pawailesi mukukalipira anthu a mafuta," anatero atakhala pamkeka. "Koma kwanu kuno tikuphedwa muli chete."

Ndinawafunsa amene akuwapha. Anati zigayo. Pamsika wathu panali zigayo zitatu za dizilo: cha a Namakhwa, cha a Likhutu, ndi china chatsopano cholembedwa kuti Tiyamike, chimene mwini wake ankangomveka kuti ndi munthu wa kutauni. Kale zinkalimbirana anthu. Wina akatsitsa, mnzake ankatsitsanso, wina mpaka kumakusiyira madeya ako osadulako. Kenaka m'mawa wina amayi anapeza kuti zonse zitatu zakweza mtengo wa ndowa, mofanana ndendende. Chinanso, zinayamba kutseka mosinthana, kuti tsiku lililonse pazikhala mzere wautali ndipo munthu asakhale ndi mtima wonenerera.

Owerenga, munthu amene wakhala zaka zambiri akuphunzitsa za njoka, ndiye tsiku lina aipeze pakhomo pa kwawo, mukuganiza kuti amatani? Ndinakwiya, koma ndisabise, pansi pa mkwiyowo panali kachimwemwe.

Kutacha ndinabwereka njinga ya alamu anga, ndinamangirira kathumba ka chimanga, n'kunyamuka kuti ndikaone ndekha. Galimoto ndinaisiya dala kuti asandizindikire. (Munthu wamimba, wamagalasi, wovala nsapato zopolisha, akupalasa njinga mokhotakhota ngati woledzera. Mudzi wonse unandizindikira ndisanafike ndi pamjigo pomwe.)

Kwa a Namakhwa ndinafunsa chifukwa chokwezera. Wogayitsa anati dizilo wakwera. Kwa a Likhutu, dizilo wakwera. Mawu omwewo, kapumidwe komweko, ngati ana a sukulu oloweza ndime. Tsono ine za mtengo wa dizilo ndinkazidziwa kuposa dzina langa. Anakweradi, koma kukwera kwake sikunkafika ngakhale pa bondo la zimene iwo anawonjezera.

Ku Tiyamike ndi kumene ndinapsa mtima zenizeni. Chigayo chokongola, injini yatsopano, malata owala. Wogayitsa wake, bambo wa imvi za ufa mpaka m'nsidze, atangondiona anazimitsa injini, anavula chipewa, n'kuthamangira kudzandilandira thumba ndi manja awiri.

"Bwana, mukanangotuma munthu. Inu simulipira."

"Chifukwa chiyani ine sindilipira?"

Anayang'ana pansi, n'kuyang'ana kudenga. "Basi, bwana. Inu simungalipire pano."

Ndinamuuza, amayi a pamzere akumva, kuti ine sindigulidwa ndi ufa, ndipo akamuuze bwana wake wobisalayo kuti ziphuphu zake akapereke kwa ena. Ndinamulanda thumba langa losagaya, n'kulibweza pa njinga. Bamboyo anangoima kukamwa kuli yasa. Ine ndinkati ndi manyazi a munthu wogwidwa.

Nditafika kunyumba ndinafotokoza zonse, thukuta lili kamukamu. Ndinaona mayi a Tamanda ndi a Esinati akuyang'anana.

"Achimwene, mwabwera kudzapuma," anatero a Esinati. "Za zigayo zisiyeni."

"Ndisiye anthu akubedwa?"

"Bambo a Tamanda," akazi anga analowererapo, "pali nkhani ija tinati tikuuzani. Ndi bwino tikambe lero lomwe."

Ndinawayankha kuti za nyumba zidikire, maziko sathawa. Anayesanso tsiku lotsatira, ndinawadula. Anayesa kachitatu tikuchokera kutchalitchi, ine n'kuwayamba phunziro la momwe mantha a anthu wamba amanenepetsera akuba. Apo anangoti, "Chabwino, aphunzitsi," n'kutseka pakamwa. Pa zonse zimene zinatsatira, apa pokha ndi pamene ndimavomera kuti mwina, mwina, ndikanamvetsera. Komabe munthu ukafuna kuuza mwamuna wako chinthu chachikulu chotere, sudikira kuti akupatse mpata. Umamugwira malaya.

Ndinaitana mayi Filesi ndi anzawo n'kuwafotokozera kuti mgwirizano wa akuba umafa ndi njala. Onse akaleka kupita kuchigayo, mmodzi mwa atatuwo adzatopa, adzatsitsa mtengo mobisa, ndipo enawo adzamutsatira akulira. Anandimvera. Mitondo imene inali itasanduka mipando ndi zogonera nkhuku inatulutsidwa, n'kutsukidwa. Minsi inabwerekedwa mpaka kumidzi ya kutsidya. M'mawa uliwonse mudzi wonse unkagunda ngati zaka za makolo athu, ine ndili pakhonde ndi kapu ya tiyi, ndikumva ngati mkulu wa asilikali.

Tsiku lina ndinati ndisonyeze chitsanzo. Ndinavula wotchi, ndinagwira munsi. Sindinafike patali. Munsi unaphonya pakati n'kumenya m'mphepete, mtondo unagwa, mphale inamwazika, nkhuku za mudzi wonse zinachita phwando. Phewa linandiwawa mpaka kubwerera kutauni. A Esinati, amene nawonso ankasinja pamodzi ndi anzawo, anangotola mtondowo. Nkhope yawo masiku amenewo inali ngati ya munthu amene wameza fupa.

Masabata anapita. Zigayo sizinatsitse. Amayi manja anatupa, matuza anaphulika, amuna awo anayamba kung'ung'udza kuti ufa ukuchedwa komanso ndi wokhakhala. Mayi Filesi anabwera kudzandiuza kuti anthu atopa, ena ayamba kuzemba mbandakucha kupita kukagayitsa. Ndinaona kuti pakufunika nkhonya yomaliza. Ndinaitanitsa msonkhano pabwalo la sukulu, ndinatumiza uthenga kwa eni zigayo kuti abwere adzayankhe, ndipo (apa ndi pamene ndinadzikumbira dzenje ndi manja anga) ndinaitana mtolankhani wina wa nyuzipepala amene ndinkadziwana naye, mpaka kumulipirira basi. Ndinkafuna kuti akuluakulu osankha anthu a m'bungwe lija awerenge kuti munthu wawo sagona ngakhale ali patchuthi.

Anthu anadzaza bwalo. Ena anachokera kutali, kwa Chiwalo, atamva kuti kuli mlandu wa zigayo. A Namakhwa ndi a Likhutu anabwera, anakhala pabenchi kutsogolo, manja ali pamaondo, odekha ngati ali pa ukwati wa mwana wa mnzawo. Akazi anga ndi a Esinati anakhala kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi njira. Ine ndinavala suti ija.

Ndinalankhula bwino, zimenezo palibe angandilande. Ndinafotokoza za dizilo, za mpikisano, za ufulu umene tinavotera, kuti sitinachotse mtengo woikidwa ndi boma kuti tilandire mtengo woikidwa ndi anthu atatu pansi pa mtengo wa mango. Amayi ankalulutira. Mtolankhani ankalemba osadzutsa mutu. Kenaka ndinatembenukira kubenchi.

"Awiriwa ndi akuba, koma ndiwalemekezeko pang'ono, chifukwa abwera kudzaonetsa nkhope. Nanga wachitatu ali kuti? Munthu wamantha, wodya thukuta la amayi athu ali phee kutauni, wotuma wantchito wake kuti andinyengerere ndi ufa waulere. Ngati ali ndi m'bale wake pano, akamuuze kuti ine ndidzamusaka mpaka ndimupeze, ndipo dzina lake lidzatuluka m'nyuzipepala. Atuluke. Aime pano anthu amuone."

A Namakhwa anadzuka pang'onopang'ono. Ndi bambo wamfupi, wolankhula Chichewa chokoka cha kwathu, amene sindinamuonepo akufulumira pa china chilichonse. Anavula chipewa.

"A Pulofesa, mawu akuti wakuba ndi olemera. Ine ndinalonjeza kusunga chinsinsi, koma mwanditukwana pamaso pa adzukulu anga. Mukuti mwini wa Tiyamike aime?"

"Aime."

"Waima kale. Chiyambire msonkhano uno sanakhale pansi."

Ndinacheuka kuti ndione amene waima kumbuyo kwanga. Kunalibe munthu. (Inde, ndinacheuka. Pulofesa wathunthu. Anthu amakumbukira kucheuka kumeneko kuposa mawu onse amene ndinalankhula.)

"Chigayo chija n'chanu," anapitiriza a Namakhwa. "Ndalama za nyumba yanu ndi zimene zinagula injini. Achemwali anu anabisa poopa abale ogayitsa ulere, ndiponso mukudziwa zimene anthu amanena za munthu wogula chigayo, zoti amapha m'bale wake kuti chiziyenda. Tikamakumana, mpando wanu amakhalira ndi iwowo."

Ndinayang'ana kumbuyo kuja. A Esinati anali ataphimba kumaso ndi chitenje. Akazi anga anali kuyang'ana phiri la Michesi ngati akuliona koyamba.

Munthu wanzeru akanakhala pansi pamenepo. Ine ndinati ndipulumutse kanthu. Ndinanena mokweza kuti ngati zili choncho, ndiye kuti achemwali anga, munthu wosadziwa za malonda, anakokedwa ndi akamberembere awiriwa, ndipo ndikufuna kudziwa amene anayambitsa mgwirizanowo.

Apa anadzuka a Likhutu.

"Ife tinkangophana, a Pulofesa. Nzeru zimenezi tinalibe. Anatiitana ndi mayi a kunyumba kwanu, atabwera kudzaona chigayo inu muli kunja. Anatiphunzitsa bwinobwino. Anati tisalembe kanthu papepala, tizikumana tikatuluka m'tchalitchi ngati tikungocheza, wofunsa aliyense tizimuuza kuti dizilo wakwera, ndipo wina akatsitsa mobisa, awiri otsalawo amutsitsire kawiri mpaka alape. Tinawafunsa kuti mayi, zimenezi munazitenga kuti? Anati kunyumba kwawo kuli katswiri."

Sindikudziwa amene anayamba kuseka. Ndikudziwa amene sanaseke. Mayi Filesi anabwera kutsogolo, anaima pafupi nane, n'kutambasula manja awo onse awiri kuti ndione zikhatho. Zinali zosupuka, zofiira, mwina muli mabala osapola.

"Tayang'anani," anatero motsitsa mawu. "Timasinja kuti tigonjetse inu, wotituma ndinu, ndalama zimene takhala tikulira zimapita kwa inu. Mumatiyesa chiyani ife?"

Ndinayesa kunena kuti sindinkadziwa. Anandifunsa kuti munthu wosadziwa za m'nyumba mwake angayang'anire bwanji amalonda a dziko lonse. Funso limeneli mtolankhani uja analilemba, ndinamuona. Chakumbuyo wina anayamba kale kufunsa mnzake kuti kodi amalume a Pulofesawa anamwalira chaka chiti, chigayo chisanabwere kapena chitabwera. Ndinachoka pabwalopo osatsanzika, ana akunditsatira patali.

Kunyumba ndinatseka chitseko.

"Mwandipha," ndinawauza akazi anga. "Ntchito ya moyo wanga wonse mwaithira m'chigayo."

"Ndinayesa katatu kukuuzani."

"Musanayambe n'komwe, bwanji simunandifunse?"

"Munali kunja, mukukonza magetsi a eni ake. Za chigayo a Esinati anakufunsani musanapite, tili pabwalo la ndege. Anati nyumba sibereka, bwanji tigule chinthu chobereka. Munayankha kuti chitani chimene mukuona kuti n'chanzeru, maso ali pa nyuzipepala."

Zimenezo ndinazikumbukira pang'ono, zomwe zinangowonjezera mkwiyo.

"Nanga zopangana mitengo? Simudziwa kuti ndi zimene ndimalimbana nazo?"

"Ndikudziwa bwino. Chikwatiraneni, chakudya chilichonse chamadzulo ndimadyera nkhani imeneyi. Mumafotokoza mmene amakumanirana, mmene amabisira, mmene amalangira wowapandukira, chimene chimawagwiritsa. Mumafotokoza mokoma, bambo a Tamanda, ngati mukuphunzitsa kuphika. Chigayo chinali pafupi kutsekedwa, ndalama zanu zikupita. Ndinangochita zonse zimene mumati ochenjera amachita, n'kusiya zimene mumati zimawagwiritsa."

"Ndinkakuuzani kuti muzidane nazo."

"Mbali imeneyo munkaifotokoza mofulumira."

A Esinati anali pakhomo akumvetsera. Anangowonjezera kuti ndisaiwale kuti fizi ya Tamanda ya chaka chimenecho inachokera ku Tiyamike, ndipo suti imene ndavalayo ndiifunse bwino kumene inachokera.

Ndinaganiza zotsuka dzina langa ndi zochita. M'mawa mwake ndinapita kuchigayo changa (mawu amenewa amandiwawabe polemba), ndinalamula wogayitsa uja kuti kuyambira lero mtengo ndi theka, ndipo chigayo chisatsekenso tsiku lina lililonse. Iye anati injini imafuna kupuma, komanso pa mtengo umenewo sipatsala ya oyilo ndi malamba. Ndinamuuza kuti za chuma andisiyire ine. Akazi anga anati a Namakhwa ndi a Likhutu sadzatsitsa, adzangokhala pansi n'kudikira. Ndinawauza kuti aphunzitsa zokwanira.

Anthu anakhamukira ku Tiyamike. Njinga, mitu, ngolo, matumba mpaka kumsewu. Kwa kanthawi ndinayambanso kuyenda mutu uli m'mwamba, ndipo amayi ena anayambanso kundipatsa moni. A Namakhwa ndi a Likhutu sanatsitse. Ankakhala panja pa zigayo zawo zopanda anthu, akusewera bawo. Ndikamadutsa ankandivulira chipewa.

Injini inalira osapuma mpaka tsiku limene inatulutsa utsi wakuda, inagogoda ngati munthu akumenya chitseko, n'kuzima. Makaniko wochokera ku Limbe anaitsegula, anapukusa mutu, anati chitsulo chachikulu cha m'kati chathyoka ndipo china chiyenera kuchokera kunja kwa dziko, pa mtengo umene kwacha ya masiku amenewo sinkaufikira. Tiyamike inatsekedwa. Sabata yomweyo a Namakhwa ndi a Likhutu, atatsala awiri pamsika, anakweza mtengo kuposa uja tinkalimbana nawo. Sanafunikirenso kukumana kutchalitchi. Ankangoyang'anana kutsidya kwa msewu.

Nkhani ya pabwalo inatuluka m'nyuzipepala, ndi chithunzi changa nditacheuka. Bungwe lija linakhazikitsidwa popanda ine. Amene anakhala pampando umene ndinkauyembekezera anali munthu amene ndinamuphunzitsa ndekha, ndipo sanali mwa ochenjera a m'kalasi mwake. Anandiimbira foni kundipepesa, n'kundipempha ngati angagwiritse ntchito nkhani ya zigayo za ku Phalombe pophunzitsa antchito ake, poti m'dziko muno chitsanzo chomveka bwino chotere n'chosowa. Ndinadula foni.

Mayi Filesi sanandilankhulenso mpaka chaka chimene tinakumana pamaliro, pomwe anandipatsa dzanja n'kundiuza kuti ndikadzakhalanso ndi nzeru zothandiza amayi, ndiyambe ndaziyesa pa anthu a kwina.

Mwina mukudikira kuti ndinene kuti ndinalakwa. Pa chiphunzitso sindinalakwe. Kupangana mitengo ndi kuba, ndipo ndidzanena zimenezi mpaka m'manda. Chimene ndinasintha n'chimodzi: kunyumba ndimadya mwakachetechete. Akandifunsa kuti kuntchito kunali bwanji, ndimati kunali bwino. Koma chaka chatha ndinadwala maso, ndipo panalibe wina wondiwerengera zolemba za ophunzira anga, zokamba za kuzimazima kwa magetsi ndi phindu limene munthu angapeze pogulitsa mphamvu kumene waya sanafike. Anandiwerengera mayi a Tamanda, mokweza, mosadumpha tsamba, mwina n'kubwereza ndime. Sabata yatha ndinawamva pafoni ndi a Esinati, akufunsana kuti pamsika wa kwathu pali mashopu angati opanda magetsi, ndipo jenereta yaikulu ingakwane pamaziko a nyumba yanga aja.